Madontho a Ayodini ndi Maondo a Mayi Zikhalo

Lamulungu limenelo a Timoteyo Zikhalo, wapampando wa tchalitchi cha ku Mpatawamphepo, anawerenga zolengeza zonse ndi mawu awo a masiku onse: za kulambula njira ya kumanda, za maphunziro a ubatizo, za mbuzi ya munthu wina imene ikumadya maluwa a pakhomo pa tchalitchi. Kenaka anavula magalasi n'kutsokomola kawiri. Aliyense wa kuno amadziwa kuti a Zikhalo akavula magalasi ndiye kuti pali wina amene aikidwe m'manda lero akupuma.

"Akhristu anzanga, mafuta aja abedwa."

Mafuta ake si ena ayi. Chaka chino inali nthawi ya Mpatawamphepo kupereka mafuta a olivi amene Ambuye Episkopi amadalitsa m'Sabata Loyera, aja obatizira ana ndi odzozera odwala. Miphakati yonse inagulitsa kachewere ndi kabichi mpaka kugula chitini cha malita asanu ku Lilongwe. Tsiku limene chinafika, amayi anachilandira pamsewu ndi nyimbo ngati mkwatibwi, n'kukachitsekera m'kabati ya m'chipinda chovalira ansembe.

"Dzulo asisiteri a Jestina anabwera kudzatenga chitinicho," anapitiriza a Zikhalo. "Atanunkhiza apeza kuti ndi mafuta osakaniza. Chitini n'chodzaza, inde, koma wina wakhala akupungula n'kumathiramo mafuta wamba ophikira. Makiyi a kabati alipo atatu. Ina ili ndi ine. Ina ili ndi akatekisiti athu a Rafaelo. Ina ili ndi mayi amene amachapa nsalu za paguwa." Apa anaima kaye, kuti anthu ameze bwino. "Mwa atatufe, amene ali ndi chiwaya cha tchipisi pamsewu mukumudziwa."

Inu! Makosi onse anatembenuka nthawi imodzi ngati nkhuku zaona kabawi. Sungeni, amene anali pa benchi la kwaya, sanatembenuke nawo. Mayi wa chiwayayo anali amake, Mayi Agnesi, amene kwa zaka khumi ndi chimodzi akhala akuchapa ndi kusita nsalu za paguwa popanda wowapatsa ngakhale kachidutswa ka sopo.

"Loweruka komiti ikhala pansi. Nkhani ikapezeka kuti ili choncho, Mayi Agnesi sadzalandira Ukaristia pa Pasaka ameneyu. Pakadali pano, kiyi tiyambe talandira."

Mayi Agnesi anadzuka. Anayenda pakati pa mabenchi mutu uli pansi, anamasula kiyi pansonga ya chitenje, n'kuiika patebulo.

Panja ndiye kunali phwando. Mayi Mervis Zikhalo, akazi a wapampando, anaima pamasitepe manja ali m'chiuno.

"Paja ndimadabwa ine kuti tchipisi chimenechi chikukomeranji chonchi! Kani timadya za Episkopi!"

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ena mwa osekawo ndi omwe aja amabwera kwa Mayi Agnesi kudzapempha mchere.

*

"Amama, bwanji simunayankhe?"

Anali atafika kunyumba, Mayi Agnesi akusenda kachewere ngati palibe chachitika.

"Mulungu akudziwa."

"Mulungu akudziwa, koma Mulungu sakhala m'komiti! M'komiti muli a Zikhalo ndi alamu awo. Tandiuzani, kabatiyo mumatsekula liti?"

"Loweruka m'mawa. Ndimatenga nsalu zakuda, ndimaika zoyera."

"Muli nokha?"

"Osesa amakhalapo."

"Chitinicho munachikhudzapo?"

"Kuchinyamula kuti ndipukute pansi pake basi."

"Kupukuta chiyani?"

Mpeni unaima. Mayi Agnesi anayang'ana kukhoma ngati akuwerenga kalendala.

"Pankakhala kamkombero ka mafuta. Ndikapukuta Loweruka lino, Loweruka linalo ndikapezanso. Konyowa, osati kouma ndi fumbi. Ndinkaopa kuti kangadetse nsalu."

"Kuyambira liti?"

"Lenti itangoyamba."

"Ndiye inu osanena?"

"Ndinkayesa chitini chikudontha. Ndinawauza akatekisiti, anati achiona."

Sungeni anawerenga pa zala. Maloweruka asanu, timikombero tisanu. Chitini chodontha sichidikira tsiku, chimadontha sabata yonse. Koma mafuta onyowa Loweruka m'mawa ndiye kuti wina anawapungula dzulo lake. Sungeni anatenga kabotolo kopanda kanthu, n'kukatunga mafuta m'chigubu chachikasu cha amake.

"Ukupita nawo kuti amenewo?"

"Kukawafunsa mafunso."

*

Lolemba, belu lowerukira litangolira, Sungeni anathamangira ku labotale. Asisiteri a Jestina ndi amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera imene Sungeni ali Fomu 2, ndipo ndi munthu woti akakuyang'ana osaphethira umayamba kukumbukira machimo a chaka chatha. Koma tsiku limeneli Sungeni mantha anawasiya kunyumba.

"Sisiteri, mwawapachika amayi anga."

"Tseka chitseko, ukhale pansi. Ine ndinati mafuta ndi osakaniza. Dzina la munthu silinatuluke pakamwa panga."

"Nanga mphuno yanuyo ingadziwe kuti anasakaniza ndi mafuta ati?"

"Mphuno ayi. Koma ayodini angatiuze kanthu. Akanakhalapo mafuta amene amayi ako amakazingira..."

Sungeni anali ataika kale kabotolo patebulo. Anali mafuta otchipa aja ochokera kumalire, amene kukazizira m'mawa amagona ngati phala mpaka uwaike padzuwa. Asisiteri anayang'ana kabotolo, anayang'ana mtsikana, n'kupinda manja a juzi.

"Mvetsera bwino, sindibwereza. Mafuta aliwonse amamwa ayodini. Ukadonthezera, mtundu wofiirirawu umazimirira. Udonthezenso, uzimiriranso. Mpaka mafutawo akhuta, mtundu n'kukhala osachoka. Koma mimba zawo n'zosiyana. Ena amakhuta msanga, ena ndi adyera. Ife ntchito yathu n'kuwerenga madontho."

Anandandalika timachubu tinayi ta galasi. M'koyamba anathira olivi weniweni wa m'kabotolo kamene amasunga kunyumba ya asisiteri. M'kachiwiri, mafuta a Mayi Agnesi. M'kachitatu, a mpendadzuwa a kukhitchini kwawo. M'kachinayi, a m'chitini cha mlandu chija. Muyezo wofanana ndendende, n'kuwasungunula ndi mankhwala ena onunkha ngati a kuchipatala, n'kuimika timachubuto m'madzi ofunda.

"Werenga mokweza."

Olivi anakhuta pa dontho la 17. Mafuta a mpendadzuwa, adyera aja, anamwa mpaka 26. Atafika pa mafuta a amake, Sungeni sanawerenge nthawi yaitali: 11, mtundu unakana kuchoka.

"Tsopano chitini."

Anadutsa 11. Anadutsa 17. Mtundu unkangozimirira. Unadzaima pa 23.

Anabwereza katatu, chifukwa asisiteri sakhulupirira chinthu chimene achiona kamodzi. Zotsatira zinali zomwezo, kusiyana dontho limodzi basi.

"Ukuona chiyani?"

"Chitini chakwera pamwamba pa olivi."

"Nanga mafuta a amayi ako?"

"Ali pansi."

"Ndiye ukathira mafuta a 11 mu mafuta a 17, ungakwere kufika 23?"

"Ayi! Ungatsike!" Sungeni analumpha mpaka mpando kugwa. "Ngati kuthira madzi ozizira mu tiyi n'kumati atenthe!"

"Dzutsa mpandowo. Kuchokera 17 kufika 26 pali masitepe 9, chitini chakwera 6. Ndiye olivi watsala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu. Magawo awiriwo ndi mafuta adyera, a mpendadzuwa kapena a soya. Kusiyanitsa awiriwa kumafuna makina a m'malabotale akuluakulu a m'tauni, ine ndilibe. Ndipo ayodini satchula dzina la munthu, umve. Koma malita oposa atatu a olivi anatuluka m'tchalitchi muja. Sanauluke. Ndipo olivi sabisala, amanunkhira. Ona."

Anamuika kabotolo ka olivi weniweni kaja pamphuno. Fungo lake linali ngati la udzu wongomweta kumene, losakanikirana ndi masamba a tomato.

Sungeni anatseka maso. Fungo limeneli analimvapo. Osati kamodzi. Ndipo sikunali kukhitchini kwa munthu ayi, munali m'tchalitchi, pakati pa mabenchi a amayi.

*

Sungeni anawapeza a Zikhalo Lachiwiri pakhonde, akulemba m'buku la komiti. Pepala la madontho analigwira ndi zala ziwiri ngati lanyowa ndi mkodzo wa mwana.

"Choyamba, mtsikana, nkhani imene ili m'manja mwa komiti sikambidwa pakhonde. Chachiwiri, iwe si membala. Chachitatu, amayi ako sakanatha kugula botolo la mpendadzuwa pa golosale? Wakuba ndi wochenjera."

"Nanga kiyi yanu, bambo?"

"Iwe! Kiyi yanga imakhala m'thumba la jekete ili, yomangidwa ndi pini. Kabati imeneyo sindinaitsekulepo chiikireni chitini. Lachisanu lililonse ndimakhala ku msika wa Mayani, afunse onse okwera lole. Pita, ukathandize amako kulapa."

Kulapa! Sungeni anameza mawu amene anafika pakhosi, chifukwa akanatuluka bwenzi Loweruka pali milandu iwiri. Anadzera kuseri kwa nyumba kuti adule njira, ndipo asanakhote pa nkhokwe fungo lija linamupeza. Udzu womweta kumene.

Mayi Mervis anali pamphasa, chitenje atakwinyira m'mwamba, akusisita maondo. Maondowo anali phuliphuli ngati mandasi otsika kumene pamoto. Pambali pawo panali kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

"Mwana wa wakuba iwe, ukusuzumira chiyani?"

"Pepani amayi, ndimangodutsa. Koma mankhwala anuwo akununkhira bwino! Ndi a kuchipatala?"

"Chipatala? Chipatala chinandilephera zaka zitatu!" Mayi Mervis anabisa kabotolo m'chitenje, koma pakamwa analephera kubisa. Munthu ameneyu chinthu chabwino akakhala nacho yekha, chimamuyabwa mpaka ena adziwe. "Awa ndi mafuta a ku Yerusalemu, a m'munda momwe Ambuye anapempherera. Si za anthu a tchipisi izi."

"Eee! Anakupatsani ndani?"

"Ukatchula wokupatsa, mphamvu imatha. Ungodziwa kuti woyamba kulandira ndinali ine, Lachisanu loyamba la Lenti. Enawo angotsanzira."

Enawo. Sungeni anayenda pang'onopang'ono, mutu ukuwira. Zaka zitatu Mayi Mervis ankabwera ku Njira ya Mtanda ndi kampando, anzawo akagwada iwo n'kukhala ngati mlendo wolemekezeka. Chaka chino kampando kanasowa. Ankagwada malo onse khumi ndi anayi, phi! phi! n'kumayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu aona. Ndipo si okha. Amake Kenan, a msana wosawongoka aja, nawonso ankanunkhira udzu. Njira ya Mtanda imachitika Lachisanu. Wotsogolera wake ndi mmodzi yekha.

*

A Rafaelo ndi munthu wa mawu ofewa ngati buledi wa lero. Akamatsogolera mapemphero a maliro, ngakhale anthu amene sankamudziwa malemuyo amalira. Sungeni anawapeza Lachitatu akupopa njinga, kumbuyo kwawo munda wa mpendadzuwa uli chikasu mpaka kumtsinje.

"Sungeni mwana wanga, bwera. Mtima wanga ukuwawa ndi za amayi ako. Sindikugona."

"Zikomo. Ndimafuna ndifunse, Lachisanu mumalowa m'chipinda chovalira ansembe?"

"Kukatenga mtanda ndi buku basi, mwana wanga. Kulowa n'kutuluka."

"Amayi akuti anakuuzani kuti chitini chikudontha."

"Anandiuza? Kaya. Ukalamba uwu, mutu wayamba kutaya zinthu."

"Mpendadzuwa wanu wachita bwino. Wa chaka chatha munagulitsa?"

"Aa, pang'ono chabe. Wotsala ndinakayengetsa ku makina, kuti akazi anga asamavutike ndi kugula mafuta."

Nthawi yomweyo nkhuku zinatulukira kuseri kwa khitchini. Abale, nkhuku! Pa Khirisimasi a Rafaelo anali ndi ziwiri, mpaka anakabwereka tambala kwa eni. Lero bwalo linali lodzaza, zoyera, zamawangamawanga, atambala atatu akumenyana. Ndipo pakati pa zonsezo pankayenda monyada nkhuku ya kameta, ya khosi lopanda nthenga, ulusi wofiira uli kumwendo. Mudzi wonse umaidziwa nkhuku imeneyi. Mayi Mervis, eni ake, anatukwanapo mphakati wonse chifukwa cha iyo, tsiku limene inagona kwa aneba.

"Nkhuku zaswana bwanji chaka chino!"

"Akhristu amathokoza, mwana wanga. Ine sindipempha." A Rafaelo anamugwira paphewa ndi dzanja lofunda. "Ukawauze amayi ako ausenze mtandawu modekha. Akavomera n'kulapa, ine ndidzawapepesera ndekha kwa bambo mfumu."

Sungeni anachotsa phewa lake pang'onopang'ono. Anafika pamsewu atapsa mtima. Kuwapepesera! Munthu kuba, kudya nkhuku za anthu, kenaka n'kudzipereka kuti akhululukitse amene wamusenzetsa mlanduwo!

Koma nkhuku si umboni. Ndipo panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene akanatulutsa kabotolo kake, poti onse anauzidwa kuti akaulula mphamvu itha. Pokhapokha atakhala ndi chifukwa choposa mantha.

*

"Ine sindinama," anatero asisiteri atamva nzeru ya Sungeni.

"Simunama, Sisiteri. Inu mungobwera ndi timachubu tanu, muyeze chimene chabwera. Ndipo ngati munthu ankapungula n'kuthira, kupungula n'kuthira, si zoona kuti oyamba analandira abwino, omaliza n'kulandira osukuluka?"

Asisiteri anayamba kutsuka timachubu, kukonzekera Loweruka.

Lachisanu, Njira ya Mtanda itatha, a Rafaelo anakwera njinga kutsikira kuchigwa kukadula kanjedza wa Lamulungu, kuti akagone komweko. Fumbi lawo lisanathe, Sungeni anali pa mjigo ndi ndowa. Kuno ukafuna kuti nkhani ifike khomo lililonse dzuwa lisanalowe, sulengeza m'tchalitchi ayi. Umayamba ndi mawu akuti musauze munthu.

"Amake Kenan, musauze munthu. Ati mafuta a ku Yerusalemu aja, ena analandira enieni, ena analandira osukuluka. Asisiteri ali ndi mankhwala oyezera, abwera nawo mawa kukomiti. Satchula wokupatsa, amangoyeza."

"Iii! Osukulukawo ndi a ndani?"

"Kaya. Koma anthu akuloza kwa wapampando."

Ndowa ya amake Kenan inatsala pa mjigo, yosadzaza.

*

Loweruka komiti inkayembekezera anthu asanu ndi awiri. Kunabwera amayi oposa makumi awiri, aliyense dzanja lili m'chitenje. A Zikhalo anayesa kuwabweza ndi ndondomeko, koma amene anakankha chitseko anali akazi awo omwe.

"Ndani akuti anga ndi osukuluka? Sisiteri, yezani anga poyamba, adani achite manyazi!"

Mayi Agnesi anali pa benchi la kukhoma, pamalo a woimbidwa mlandu, Sungeni ali pambali pawo. Asisiteri anafotokoza za madontho mwachidule, analemba pa bolodi 17, 11, 26 ndi 23, n'kuthira mafuta a Mayi Mervis m'kachubu. Chipinda chonse chinawerengera limodzi ngati ana a Sitandade 1. Mtundu unaima pa 17.

"Mwamva? Enieni!" Mayi Mervis anavina pang'ono, maondo osadandaula.

"Enieni ndithu," anatero asisiteri. "Olivi wopanda chosakaniza. Munalandira liti?"

"Lachisanu loyamba!"

"Amene analandira Lachisanu lachitatu, abwere."

Anabwera mayi wina wa mphakati wa kumtunda. Ake anamwa madontho 20.

"Lachisanu lachisanu?"

Amake Kenan anapereka kabotolo kawo. Anthu anawerenga, mawu akucheperachepera. Anadutsa 17, anadutsa 20, anaima pa 22.

Asisiteri anandandalika mabotolo atatuwo patebulo, n'kuika chitini kumapeto kwake.

"Taonani mzerewu: 17, 20, 22, ndipo chitini 23. Lachisanu lililonse wina ankachotsa olivi n'kubwezeramo mafuta adyera, ndiye sabata iliyonse zotuluka zinkasukulukirasukulukira. Mafuta a Mayi Agnesi ndi a 11, sakwanamo mumzere umenewu. Amayi, Yerusalemu wanu ndi kabati iyo ili apoyo."

Ndipo pa nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, a Rafaelo n'kulowa ndi mtolo wa kanjedza paphewa, akumwetulira.

"Mtendere ukhale nanu, akhri..."

"A Rafaelo!" Amake Kenan anaimirira, msana uli tolotolo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi. "Tambala wanga mmodzi yekha uja! Ndiye munandipatsa mafuta okazingira mazira?"

"Ine nyemba ndowa yathunthu!"

"Ine bakha!"

"Kameta wanga!" anakuwa Mayi Mervis, kenaka anagwira pakamwa, poti amuna awo anali kuwayang'ana. Kunyumba anali atanena kuti kameta anagwidwa ndi vumbwe.

A Rafaelo anatula kanjedza pang'onopang'ono. Mawu awo anali ofewabe, ndipo n'zimene zinamunyansa kwambiri Sungeni.

"Ana anga, sindinabe kanthu. Chitini chili chodzaza. Bambo achizungu akale aja, amene ndinawatumikira ndili mnyamata, anandiphunzitsa kuti mafuta oyera akachepa umathiramo ena ochepa, onse n'kukhala oyera. Ine sindinapyole botolo limodzi pa sabata. Nthawi zonse ochepa mu ambiri. Ndimathandiza odwala."

"Bambowo ankathira olivi mu olivi," anayankha asisiteri, "ndipo ankanena za mafuta odalitsidwa kale. Awa anali asanafike n'komwe kwa Episkopi. Munagawa mafuta osadalitsa, munawanamizira Yerusalemu, munalandira nkhuku. Botolo limodzi kasanu, mwatsala ndi gawo limodzi mwa atatu."

"Nanga Lamulungu lija?" Sungeni sanapemphe chilolezo kwa wapampando, ndipo sanasamale. "Munali pampando wanu kutsogolo, amayi anga akumasula kiyi. Munkayang'ana! Lachitatu n'kundiuza kuti akalape!"

A Rafaelo anayang'ana kanjedza pansi.

Komiti inagamula msangamsanga: nkhani ya akatekisiti ipite kwa bambo mfumu, nkhuku zonse zigulitsidwe Lolemba kuti pagulidwe chitini china Misa yodalitsa mafuta isanafike. Kenaka a Zikhalo anatsekula jekete, anatulutsa kiyi ya Mayi Agnesi, n'kuikankhira kumapeto kwa tebulo ndi chala chimodzi, osayang'ana munthu.

"Mayi, tengani. Panali kusamvana pang'ono. Nkhaniyi ithere m'chipinda muno, tisachititse mpingo manyazi."

Kusamvana pang'ono! Sungeni anatsekula pakamwa, koma amake anamugwira bondo. Mayi Agnesi anaimirira, anakonza chitenje, anayang'ana kiyiyo ngati chinthu cha eni.

"Munandilandira pano?"

"Mwati bwanji, mayi?"

"Kiyiyi. Munandilanda m'chipinda muno?"

Anatuluka, kiyi ili patebulo pomwepo.

*

Lamulungu la Kanjedza tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, poti ngakhale amene anasiya kupemphera kalekale anamva kuti kuli zoti aone. Mayi Mervis anabwera ndi kampando kawo. Ati maondo anayambiranso usiku womwewo.

Mayi Agnesi sanakhale pamalo awo a masiku onse. Anakakhala benchi lomaliza, pafupi ndi chitseko, kanjedza ali m'manja.

A Zikhalo anawerenga za nthawi ya mapemphero a Sabata Loyera, za kusesa, za mbuzi ija imene sinasiyebe maluwa. Pomaliza anaweramira papepala, n'kung'ung'udza mothamanga ngati munthu wowoloka mtsinje wozizira.

"Komanso pa nkhani ya mafuta ija kwapezeka kuti Mayi Agnesi sizikuwakhudza, tiimirire tilandire dalitso."

Anthu anayamba kudzuka. Ndiye kuchokera kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu amene tchalitchi chimenechi chinali chisanawamvepo akukwera, zaka khumi ndi chimodzi zonsezi.

"Sitikumva kumbuyo kuno."

Onse anakhalanso pansi. Sungeni, pa benchi la kwaya, analuma kanjedza wake kuti asaseke. A Zikhalo anayang'ana kwa asisiteri, asisiteri anawayang'ana osaphethira. Anayang'ana kwa akazi awo, akazi awo anali kuwerenga zala za kumapazi.

Anavula magalasi. Anatsokomola kawiri.

"Mayi Agnesi sanabe mafuta. Ine Timoteyo Zikhalo ndinawanamizira pamaso panu. Ndikupepesa."

"Tamva tsopano," anatero Mayi Agnesi.

Anayenda pakati pa mabenchi mutu uli m'mwamba, osafulumira, anatenga kiyi patebulo, n'kuimanga pansonga ya chitenje mfundo ziwiri.